MABUKU AWIRI, KHOMO LIMODZI

Mau amene adayankhulidwa pa msonkhano wa ophunzira akale a sukulu yathu, nthambi ya Mzuzu, umene udachitikira ku Salisbury Lines

 

Komiti idandipempha kuti ndifotokoze za ntchito imene ili mkati, yosamutsa kaundula wa bungwe lathu kuchoka m'mabuku kupita m'kompyuta. Ntchitoyi ndi yaikulu, ndipo nthawi imene ndapatsidwa ndi yochepa. Tsono ndasankha kukamba za chinthu chimodzi chokha, chimene ndi khomo. Membala akakhala ku Karonga, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, natenga foni yake kuti aone ngati ndalama zake zidafika, kompyuta idzadziwa bwanji kuti ndi iyeyo, ndipo idzamulola kuona ziti?

Ena munganene kuti izi nza anyamata odziwa makina. Koma taganizirani zimene zili m'kaundula wathu. Muli maina athu, manambala a foni, ndi ndalama zimene aliyense adasonkha kapena sadasonkhe. Mulinso maina a ana amene timawalipirira fizi, ena mwa iwo amasiye, pamodzi ndi mbiri ya mavuto a kwawo imene adatiuza potikhulupirira. Pakali pano zonsezi zili m'mabuku a chikuto cholimba amene a Mlembi amasunga. Inu okhala kuno ku Salisbury Lines mukudziwa kuti malo ano ndi a dambo, ndipo mukukumbukira mmene madzi adalowera m'nyumba za anthu mu mzinda uno mu April 2016. Buku limaopa madzi, chiswe ndi moto. Kompyuta ili ndi mdani wina, ndiye mlendo wolowa popanda kugogoda. Buku kuti ulibe umayenera kufika pamene lili, pamene kaundula wa pa intaneti munthu angathe kumugwira ali tsidya la nyanja. Nchifukwa chake khomo liyenera kumangidwa bwino, ndipo eni nyumba, amene ndi inu, muyenera kudziwa mamangidwe ake.

Nkhokwe yosungiramo zolembedwa m'kompyuta anzathu amaitcha database. Mtundu umene tikugwiritsa ntchito udachokera m'maganizo a Edgar Codd, Mngelezi wodziwa masamu amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku San Jose, m'dziko la America. M'chaka cha 1970 iye adalemba kuti zinthu zisungidwe m'matebulo a mizere ndi mizati, monga mmene rejisitala ya m'kalasi imakhalira, ndi kuti matebulowo azilumikizana kudzera m'zimene zalembedwamo. Mu 1974 anzake awiri a ku kampani yomweyo, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, adakonza chiyankhulo chofunsira mafunso ku matebulo otere. Adachitcha SEQUEL, ndipo pambuyo pake dzinalo lidafupikitsidwa kukhala SQL. Chiyankhulochi chidavomerezedwa ngati muyezo mu 1986, ndipo chikugwirabe ntchito m'mabanki, m'zipatala ndi m'mafoni amene ali m'matumba mwanumo.

Ife tili ndi matebulo awiri okhudza khomo. Loyamba talitcha mamembala. Mzere uliwonse ndi munthu mmodzi, ndipo mizati yake ndi nambala, dzina, chaka chimene adamaliza sukulu, foni, udindo wake m'bungwe, ndi chizindikiro chosonyeza ngati akadali m'gulu. Lachiwiri talitcha makiyi. M'menemo muli dzina lolowera, chidindo cha mau achinsinsi, ndi nambala ya membala amene ali mwini kiyiyo.

Wina adzafunsa kuti bwanji osangolemba zonse m'tebulo limodzi. Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, si membala aliyense amene adzakhale ndi kiyi. Alipo akuluakulu amene safuna za foni, ndipo alipo anzathu amene adatisiya koma maina awo tidzawasungabe m'kaundula. Chachiwiri, a Mlembi amafuna kusindikiza mndandanda wa maina kawirikawiri, ndipo sibwino kuti nthawi iliyonse akatero azigwira pamalo pamene pali zinsinsi. Ngakhale kunyumba, kiyi wa sutikesi sitimuika pamodzi ndi makapu. Chachitatu, chinthu chilichonse chiyenera kulembedwa malo amodzi okha. Amayi a banki mkhonde amalidziwa bwino lamuloli. Nambala ya foni ikalembedwa m'mabuku awiri, tsiku lina idzasinthidwa m'buku limodzi, ndipo mkangano udzabuka wakuti buku loona ndi liti.

Tsono matebulo awiriwa amalumikizidwa ndi chiyani? Ndi nambala. Dzina silingagwire ntchito imeneyi. Muitane a Banda m'chipinda chino, muona anthu angati akuimirira. Chimodzimodzi a Phiri, a Mhango, a Nyirenda ndi a Gondwe. Achemwali athu ena adamaliza sukulu ndi dzina lina, lero amadziwika ndi la kubanja. Kalembedwe nakonso kamasiyana, wina alemba Mkandawire, wina Mkandawile, ndipo kwa kompyuta amenewa ndi anthu awiri. Pa mayeso a MANEB tinkapatsidwa nambala pa chifukwa chomwechi. Boma nalonso, pamene lidalembetsa anthu oposa 9 miliyoni mu 2017 kudzera ku National Registration Bureau, lidapatsa munthu aliyense nambala yakeyake pa chiphaso chake. Kwa ifenso membala aliyense ali ndi nambala imene siidzaperekedwa kwa wina, ngakhale mwini wake atamwalira.

Funso limene kompyuta imafunsa munthu akagogoda ndalilemba pa bolodi, ndipo a Mkonzi alonjeza kuti alisindikiza m'kalata yathu monga liliri:

SELECT mamembala.nambala, mamembala.dzina, mamembala.udindo, makiyi.chidindo
FROM makiyi
JOIN mamembala ON mamembala.nambala = makiyi.nambala_ya_membala
WHERE makiyi.dzina_lolowera = ?
AND mamembala.ali_mgulu = 1;

Musachite nalo mantha. Tiyeni tiliwerenge monga tinkawerengera ndime ya m'kalasi. Mzere woyamba ukuti, ndipatse nambala, dzina ndi udindo wa membala, pamodzi ndi chidindo cha kiyi wake. Wachiwiri ukuti, yambira m'tebulo la makiyi. Wachitatu ndiwo mtima wa nkhani yonse: lumikiza tebulo la mamembala, koma pokhapo pamene nambala ya membala ikufanana ndi nambala yolembedwa pa kiyi. Wachinayi ukuti, mwa makiyi onsewo ndikufuna amene dzina lake lolowera ndi ili landipeza pakhomoli. Wotsiriza ukuti, munthuyo akhale woti akadali m'gulu. Mlonda wa pageti amachita zomwezi. Amayang'ana chiphaso chako, natsegula buku kuti aone ngati nambalayo ilimo, ndi kuti iwe ndiwe yani pamalopo.

Kalembedwe aka ka JOIN ndi ON kadalowa m'muyezo wa SQL mu 1992. Isanafike nthawi imeneyo anthu ankangotchula matebulo awiri motsatizana, ndipo lamulo lofananitsa manambala ankalilemba kumunsi pamodzi ndi malamulo ena. Kumeneko linkaiwalika mosavuta. Ndikufuna muone chimene chimachitika likaiwalika. Tiyerekeze kuti tili ndi mamembala 300 ndi makiyi 300. Popanda lamulo lofananitsa, kompyuta imakwatitsa kiyi aliyense ndi membala aliyense, ndipo imatulutsa mizere 90,000. Mukaonjezera dzina lolowera, imatsala mizere 300, kiyi mmodzi yemweyo atalumikizidwa ndi mamembala onse. Pulogalamu yolembedwa mothamanga imangotola mzere woyamba. Nanga woyamba m'kaundula amakhala ndani? Kawirikawiri amakhala amene adayambitsa bungwe, Wapampando kapena Msungichuma. Ndiye kuti mnyamata amene wangomaliza Fomu 4 chaka chatha, polowa ndi kiyi wake weniweni, apezeka atakhala pa mpando wa a Msungichuma, mabuku onse ali chitsegukire pamaso pake. Choopsa chake nchakuti kompyuta siidandaula. Yachita zimene yauzidwa. Pa chifukwa ichi talamula tebulo la makiyi kuti lisalole maina olowera awiri ofanana, ndipo pulogalamu yathu imawerenga mizere imene yabwera. Ikakhala yoposa umodzi, khomo silitsekuka.

Pali mtundu wina wa kulumikiza, wotchedwa LEFT JOIN. Umenewu umatulutsa mizere yonse ya tebulo loyamba, ngakhale imene ilibe mnzake m'tebulo lachiwiri, ndipo pamalo posowapo umasiya mpata. Ndi wothandiza kwa a Mlembi akafuna kudziwa mamembala amene sadalandire kiyi, kuti awatumizire uthenga. Koma pakhomo sitiugwiritsa ntchito. Pakhomo tikufuna mbali zonse ziwiri zipezeke, kiyi ndi mwini wake. Kiyi wopanda mwini asatsekule kanthu.

Mwina mwaona kuti m'funso lathu mulibe mau achinsinsi. Sitidaiwale. Mau achinsinsi a membala sitiwasunga konse. Chimene timasunga ndi chidindo chake. Munthu akasankha mau ake, kompyuta imawapera ndi masamu mpaka atasanduka mndandanda wa zilembo ndi manambala wopanda tanthauzo. Zili ngati kuchigayo: chimanga chimasanduka ufa, koma palibe amene angabweze ufa kuti ukhalenso chimanga. Tsiku limene membala wabwera kudzalowa, funso lija limatenga chidindo chosungidwa, pulogalamu imaperanso mau amene walemba, ndipo imafananitsa ufa ndi ufa. Zikagwirizana, alowe. Kotero kuti ngakhale ine amene ndikumanga nkhokweyi sindingathe kuwerenga mau anu achinsinsi, ndipo mukawaiwala sindingakuuzeni. Ndingathe kungokuthandizani kusankha ena.

Chigayo chimene tasankha chimatchedwa bcrypt. Adachikonza Niels Provos ndi David Mazières mu 1999, ndipo adachipanga dala kuti chizipera pang'onopang'ono. Kwa inu olowa kamodzi, kuchedwako simungakuzindikire. Kwa wakuba amene akufuna kuyesa mau mamiliyoni, kumamudyera nthawi yambiri. Chisanayambe kupera, chimathira kaye timanambala tapadera ta munthu aliyense, timene akatswiri amatitcha mchere. Chifukwa cha mcherewo, anthu awiri amene asankha mau ofanana amakhala ndi zidindo zosiyana. Kufunika kwake kudaoneka mu 2012, pamene zidindo pafupifupi 6.5 miliyoni za anthu a pa LinkedIn zidabedwa ndi kuikidwa poyera. Zidali zopanda mchere, ndipo zambiri zidamasulidwa m'masiku ochepa.

Tsopano tibwere pa kachizindikiro ka funso kali pa mzere wachinayi. Kakuoneka kakang'ono, koma ndiko mpiringidzo wa khomo lonse. Njira yachidule imene ophunzira ambiri amayamba nayo ndi kutenga zimene munthu walemba m'kabokosi ka dzina, ndi kuzimata m'kati mwa funso monga ziliri. Munthu wabwino amalembamo dzina lake. Wochenjera amalembamo chidutswa cha SQL, monga ichi: ' OR '1'='1. Chikamatidwa m'funso, tanthauzo limasintha. Funso lija limakhala lakuti, ndipatse munthu wa dzina lopanda kanthu, kapena aliyense ngati 1 ali wofanana ndi 1. Popeza 1 ndi wofanana ndi 1 nthawi zonse, nkhokwe imatulutsa mizere ya anthu amene wogogodayo sadayenere kuwaona. Ndi luso loonjezera pang'ono, munthu wotere angathe kukopera tebulo lonse. Zili ngati kalata imene mwapatsa mthenga kuti akapereke ku sitolo, iye naonjezeramo mzere wake panjira, wogulitsa nkupereka katundu poganiza kuti zonse mwalemba ndinu.

Chinyengo chimenechi chimatchedwa SQL injection, ndipo chidafotokozedwa poyera mu 1998 m'magazini ya Phrack. Ngakhale chili chakale chotero, chikugwetsabe akuluakulu. Mu October 2015 kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain idaberedwa mbiri ya makasitomala pafupifupi 157,000 kudzera m'njira imeneyi, ndipo chaka chotsatira idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Timatumiza funso ku nkhokwe palokha, lili ndi kachizindikiro kaja pamalo pa dzina. Dzinalo timalitumiza padera. Nkhokwe imakhala itamva kale funso, ndipo chilichonse chobwera pambuyo imachitenga ngati dzina chabe. Wolemba chidutswa cha SQL amangouzidwa kuti munthu wa dzina limenelo kulibe.

Pali zina zing'onozing'ono zimene mudzazione, ndipo ndikupempha kuti musadzakwiye nazo. Mukalakwitsa polowa, kompyuta idzangonena kuti dzina kapena mau achinsinsi sizili bwino. Siidzakuuzani kuti cholakwika ndi chiti, chifukwa ikatero ikhala ikuthandiza wakuba kudziwa maina amene alipo. Mukalakwitsa kangapo motsatizana, khomo lidzatsekedwa kwa kanthawi, monga zimachitikira ndi nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Munthu akachoka m'bungwe sitidzafufuta mzere wake, chifukwa mbiri ya ndalama zake iyenera kukhalapo kuti mabuku aziwerengeka. Tidzangosintha chizindikiro chija kuchoka pa 1 kupita pa 0, ndipo mzere wotsiriza wa funso lathu udzamutsekera kunja. Pa chisankho, udindo ukasintha, tidzasintha malo amodzi okha m'tebulo la mamembala. Msungichuma wakale adzalowabe ndi kiyi wake yemweyo, koma adzaona za iye yekha monga membala wina aliyense.

A Wapampando, zonse ndanenazi ndi mbali ya mmisiri. Koma khomo lolimba silithandiza ngati eni nyumba akusiya kiyi pansi pa mwala wa pakhonde. Tsono ndili ndi mapempho anayi kwa msonkhano uno.

Loyamba, aliyense akhale ndi kiyi wake. Komiti isakhale ndi kiyi mmodzi wobwerekana. Ndalama ikasinthidwa m'kaundula, pulogalamu imalemba nambala ya amene wasintha ndi nthawi yake. Anthu asanu akamalowa ndi dzina limodzi, umboni umenewu umatha mphamvu, ndipo tsiku la mlandu wosalakwa adzavutika pamodzi ndi wolakwa. Tidaona magulu abwino akutha kaamba ka kukayikirana pa ndalama, ndipo sitikufuna kuti lathu lifike pamenepo.

Lachiwiri, sankhani mau achinsinsi aatali. Chaka chobadwa, dzina la mwana, kapena dzina la sukulu yathu ndi zoyamba zimene munthu wokudziwani adzayesa. Tengani mau anayi kapena asanu osagwirizana, a m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, muwalumikize. Ndi osavuta kukumbukira koma ovuta kulota. Musagwiritse ntchito omwewo amene mumalowera pa Facebook. Ndipo wina akakuimbirani foni kuti ndi wa komiti, akufuna mau anu achinsinsi kuti akonze kanthu, dziwani kuti ndi wakuba, pakuti komiti siidzawafuna.

Lachitatu, msonkhano uno ugamule anthu amene adzaloledwa kuona mbiri ya ana amene timawalipirira fizi. Maganizo anga ndi akuti akhale atatu okha, ndipo ena tonse tizingoona chiwerengero cha ana ndi ndalama zimene zapita. Imeneyi ndi nkhani ya ulemu, komanso ndi nkhani ya malamulo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 likuti kulowa m'kompyuta ya eni popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA lidapatsidwa udindo woliyang'anira, likufuna kuti osunga mbiri ya anthu aziisamala ndi kuigwiritsa ntchito pa cholinga chimene adaitengera. Mwana amene adatiuza kuti kwawo amagona ndi njala sadatiuze kuti nkhaniyo ikafike pa gulu la WhatsApp. Madzi akatayika saoleka.

Lachinayi, tisunge kope la nkhokwe yonse pamalo ena. Anthu a mu Mzuzu sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Mu December 2015 moto udapsereza laibulale ya Mzuzu University, ndipo mabuku zikwizikwi adatha usiku umodzi. Ndikupempha kuti sabata iliyonse kope lizitengedwa, likhale lotsekedwa ndi mau achinsinsi, ndipo lizisungidwa kutali ndi kompyuta yaikulu. Kamodzi pa teremu tiziyesa kulitsegula, kuti titsimikize kuti tsiku la tsoka lidzatithandizadi. Mabuku akale aja tisawataye. Akhale m'bokosi lachitsulo, pamalo okwera.

Kwa achinyamata amene mwamaliza sukulu posachedwa, ntchito ilipo. Maina onse a m'mabuku ayenera kulowetsedwa m'kompyuta, ndipo payenera kukhala anthu ofufuza ngati a Banda a m'buku la 1994 ali omwewo a m'buku la 2008. Imeneyi kompyuta siingathe, imafuna munthu wofunsa akuluakulu. Amene adzipereke ndidzawaphunzitsa kulemba mafunso onga ili lili pa bolodili. Zida zophunzirira, monga MySQL ndi SQLite, zimapezeka kwaulere, ndipo kompyuta yakale ndi yokwanira. Amene ankakhoza masamu a ma seti ku Fomu 3 adzapeza kuti theka la ntchito adaliphunzira kale, chifukwa maganizo a Codd adamangidwa pa masamu omwewo. Aphunzitsi athu a masamu amene muli pano, tinkakufunsani kuti zimenezi zidzatithandiza chiyani. Yankho lake ndi limeneli.

Ndisanakhale pansi, ndikukumbutsa aliyense kuti asanatuluke aonane ndi a Mlembi pa tebulo la pakhomo. Onani ngati dzina lanu lalembedwa bwino, chaka chanu chili cholondola, ndi nambala yanu ya foni ili imene mukugwiritsa ntchito tsopano. Mulandire nambala yanu ya umembala ndi kuisunga. Amene mukudziwa anzathu amene sadabwere, makamaka a kunja kwa dziko, tipatseni njira yowapezera. Mutu umodzi susenza denga.